Kuwerenga Chobwerera

Ndamata timawaya makumi atatu ndi tiwiri
pamutu pa a Lufeyo, telala wa ku Mayfair,
kwawo ku Ntcheu, chotupa pansi pa mchombo.
Kunja Juni wa ku Joni wang'amba milomo,
utsi wa malasha wagona pa Hillbrow.

"Mwanawe, mutu wanga si wailesi,"
akutero akuseka, koma zala zikunjenjemera.

Sisita Mokgadi akweza jakisoni,
mankhwala oyera ngati mkaka.
Werengani chobwerera, bambo, kuyambira khumi.
Asankha Chichewa, dala.
Khumi. Zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi zi...
Manambala athu ndi aatali,
sindinamvepo wofika pa zisanu ndi ziwiri.

Pa kompyuta yanga timizere tija,
tolongolola ngati oitanira basi ku Park Station,
tayamba kuyenda mwaulesi,
kukwera pamodzi, kutsika pamodzi.

Anthu amati timagoneka munthu. Ayi.
Wogona ukamutsina amatukwana;
uyu mpeni ukudutsa, osaphethira n'komwe.
Ena amati timathimitsa ubongo ngati babu.
Ayinso. Chaka chachisanu ndi chimodzi chino ndikuyeza:
m'nyumba iliyonse nyali ikuyakabe,
yatsekedwa ndi misewu.
Chipumi chikuitana, nkhongo siyankha.
Zili ngati usiku wopanda netiweki,
Soweto ali maso, Alexandra ali maso,
aliyense akukuwa halo payekha,
koma mzinda, kunena mzinda, kulibe.

Bambo anga anatsikapo pansi pa mzinda uno
masiku a Wenela.
Ankati mdima umazolowereka,
chosazolowereka ndi kamphindi kaja
kheji ikamasuka, mimba n'kutsala kumwamba.
Zina sanandiuze. Chifuwa chinawalanda mawu
ndisanadziwe kufunsa.
Lero ndaima pakamwa pa mgodi wina,
cholembera kukhutu,
ndikulemba mayina a otsika.
Chingwe chili m'manja mwa mnzanga.
Pansipo ine sindinafikepo.

Opereka ndalama akufuna lipoti Lachisanu,
manambala m'mizere, zithunzi zamitundu.
Ndiwapatsa.
Koma funso langa silikwana m'kabokosi ka fomu:
thupi ili apa, lofunda, mtima ukugunda,
mphete tayisunga mu envulopu,
nanga a Lufeyo eniakewo ali kuti?
Kumaloto kulibe, ndayang'anako.
Kumanda sanafike, akupuma.
Pali malo ena pakati
amene chilankhulo chathu sichinawatche dzina,
ngakhale cha azungu chimangotsokomola.

Ola ndi theka.
Mankhwala aphwa, misewu iyamba kutseguka,
osati m'ndondomeko imene inatsekekera.
Njira yobwerera ndi ina,
ndipo apa ndi pamene ndimaluma cholembera.
Chala chigwedezeka. Chikope. Kukhosi kuti khwe.

"Adokotala, muyamba nthawi yanji?"

Tamaliza kale, bambo.
Andiyang'ana ngati kasitomala wozemba ngongole.
Dzanja lipapasa pamimba, lipeza bandeji,
likhala pomwepo kanthawi.
"Wasoka ndani? Msoko wake wawongoka?"
Sisita Mokgadi aseka mpaka kugwira khoma.
Kenako, motsitsa mawu, kwa ine ndekha:
"Nanga ola langa lija mwaika kuti?"

Ndili nalo, bambo.
Lili mu fayilo, ndalipatsa nambala 117.
Ndikhoza kukuonetsani mphindi iliyonse,
pamene chipumi chinaitana, pamene chinatopa.
Kukubwezerani ndiye sindingathe.

Madzulo minibasi yanga idutsa milu yachikasu
ya dothi limene anthu anatulutsa pansi.
Maloboti afa, galimoto zikupatsana mpata mwaulemu wamantha.
Kunyumba ndithimitsa nyali, ndigona chagada,
ndikufuna kugwira mphindi imene ndimachoka,
kuiona nkhope kamodzi kokha.
Tulo si mankhwala, ndikudziwa,
ndinalemba ndekha zimenezo.
Komabe.
Khumi.
Zisanu ndi zinayi.